Mmene Amayi Anathamangitsira Mkamwini Kuseri kwa Nkhokwe

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anachita pakhomo pathu. Mundipirire ndikamazungulira. Ndinazolowera kulankhula ndi odwala, ndipo odwala sathamangira kulikonse.

Ambiri mumandidziwa, ndine amake Elube, namwino wa pa kachipatala kaja ka kutsidya kwa mtsinje. Ena mwa inu ndinakubayanipo jekeseni, ndipo ndikuona mukundiyang'anabe ndi diso lomwe lija. Pepani, ndi ntchito.

Ntchito imeneyi ndinaiyamba ndi mtima wonse. Ndili mtsikana, ndikavala diresi loyera lija m'mawa, ndinkayenda ngati sindikuponda pansi. Kutsuka zilonda, kugawa mapiritsi, kuwiritsa masingano, zonse zinkandikomera. Koma maphunziro anga anali ochepa, abale anga. Za uzamba sanatiphunzitse, anangotinunkhiza.

Tsiku lina masana, m'dzinja, anthu anabwera ndi mayi wina pamachira, Msilamu wa ku Songani wogulitsa mpunga. Mimba inali itamuwawa kuyambira dzulo lake, azamba a kumudzi atalephera. Pachipatala ndinali ndekha. Ndinatumiza munthu msangamsanga kukaimitsa lole kumsewu, kenaka ndinaika manja pamimba pake. Mayi uja anandiyang'ana nkuti, "Achemwali, mwana ali bwanji?" Manja anga sanandiuze kanthu. Anali manja chabe. Ku chipatala chachikulu anakapeza kuti mwana anagona chopingasa. Mayi anapulumuka, mwana ayi. Mpaka lero ndikadutsa pamsika amandiitana akumwetulira, "Achemwali, bwerani mudzatape mpunga." Bola akanandituka, ndithu bola akanandituka.

Kuchokera pamenepo mtima unachoka pa ntchito. Thupi linkapita, ine ndinkatsala kwina. Ndikamawiritsa masingano ndinkangoyang'ana nthunzi ikukwera, m'nthunzimo nkumaona chipinda chachitali cha mazenera ambiri, ine nditakhala pabenchi, wina akundiphunzitsa. Madzi ankaphwa m'poto ine ndikadali komweko. Ndinkalotanso loto limodzi lomwelo kawirikawiri. Ndili m'madzi a Domasi ofika m'mawondo, nkhungu yatsika m'phiri yaphimba magombe onse, ndipo azimayi oyembekezera akuwoloka mmodzimmodzi, mwakachetechete. Aliyense akafika pa ine ndikumugwira pamimba, ndiye manja anga ali ndi maso. Ndikuona mwana mmene wagonera, kumene kuli mutu, kumene kuli timiyendo. Ndikadzuka ndinkawatembenuza manjawa, ndikupeza ndi omwe aja otsukira mbale.

Ndiye chaka chija tinasiya mapaundi nkuyamba makwacha, Sisita wamkulu amene ankabwera kudzatiyendera anandiitanira pambali. Anati, "Ku sukulu ya uzamba ku Blantyre kuli malo. Ndi zaka ziwiri. Ndikufuna upite ndiwe."  Ndinabwerera kunyumba osaiona njira, mitengo ya mango yonse ikuoneka ngati ikuyenda nane.

Namwino mnzanga anandiseka. Anati, "Iwe, sukulu ndi ya atsikana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uli ndi ntchito, uli ndi banja, ukufunanso chiyani? Ukakabwera zilonda zake ndi zomwezi." Koma pa za banjapo sankanama.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Bambo a Elube, amuna anga, kwawo ndi ku Chiradzulu. Anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu, ndi macheka awo ndi chopalira matabwa. Ine kwa amayi anga ndilipo ndekha, wopanda mng'ono, wopanda mkulu, ndipo abambo anatisiya kale. Tsono pakhomo tinalipo ine, amuna anga, kamwana kathu Elube, ndi amayi m'nyumba yawo chapafupi. Amayi anga ndi a mwambo wakale weniweni. Chikwatiwire ine, iwo ndi mkamwini wawo anali asanayang'anizanepo. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Amayi akamadutsa pabwalo ankakokera nsalu kumaso, bambo a Elube nkuzemba kuseri kwa nkhokwe. Kulankhulana kunali kodzera mwa ine. Amayi ali apa, mkamwini ali apo, ine pakati ngati mlatho: "Uwauze apongozi kuti denga likudontha." "Muwauze amayi kuti ndamva."

Tsono mlatho uchoke zaka ziwiri. Bambo a Elube adzawapatsira chakudya ndani? Mwana akatentha thupi, adzauzana bwanji? Ndipo mkamwini wopanda mkazi pamudzi pa eni ndi ndani? Anthu adzangoti akudikira chiyani ameneyu. Ndinapita kwa amalume, eni mbumba, ndikuyesa andithandiza nzeru. Iwo anangoti, "Walira mvula walira matope. Mkamwini ndi mlendo, wachoka amene anamudzera, nayenso azipita." Amayi nawo anati, "Sukulu ya chiyani munthu wa mwana kumbuyo?"

Amuna anga sanandikanize, ndisawanamizire pamaso pa Mulungu. Anati, "Amake Elube, pitani. Ine ndikadikira kwathu, mwana atsale ndi agogo ake." Koma inu amayi muli panowa, ndiuzeni. Mkamwini amene wamanga zida zake nkubwerera kwawo, zaka ziwiri, alongo ake akumuona akudziphikira yekha, amabweranso? Sabwera. Amamupezera wina. Ndinawauza kuti basi, sukuluyo ndaileka. Iwo anati, "Ndiye moyo wonse muzidzandiyang'ana ngati ndine ndinakutsekerani chitseko. Ayi. Loweruka ndinyamuka, kuti musakhalenso ndi chokukanikitsani." Onani mmene zinalili. Ndikapita, banja latha. Ndikakhala, banja lathanso. Ndinkawakonda bambo amenewa, ndinene poyera, ndipo sukulu ija ndinkaifuna ngati madzi.

Ndinkapemphera pa mwala wina wa kumtsinje ndikaweruka ku ntchito. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Kunali madzi okha akuyenda, ndi nkhungu ikutsetsereka m'phiri pang'onopang'ono. Ndinkangoti, "Ambuye, munandipatsiranji loto limene silikwana m'nyumba mwanga?"

Lachisanu madzulo dzuwa likadalipo, ndinakhala ndi amayi pakhonde tikusenda nandolo. Sindinawapemphe kanthu. Ndinangopezeka ndikuwasimbira za mayi wa mpunga uja, nkhani imene ndinali ndisanauzepo munthu pakhomo. Ndinasimba zonse, mpaka funso lake lija.  Ndinangoona manja a amayi aima m'lichero, maso ali kudambo. Patapita nthawi ananyamuka nkulowa m'nyumba, nandolo osatha.

Loweruka m'mawa kunali nkhungu yoti nyumba ya amayi inkaoneka ngati ili patali. Bambo a Elube anali pabwalo akumangirira macheka ndi chopalira pa njinga. Ine ndinaima pakhomo, Elube atandigwira nsalu, misozi ikungotsika yokha. Ndiye m'nkhungu muja munatuluka munthu. Amayi. Nkhope ili poyera, nsalu ili m'mapewa, tambala wofiira ali m'khwapa. Akubwera molunjika pa mkamwini. Ine ndinayesa ndi loto lina.

Amuna anga atawaona anachita zimene miyendo yawo inazolowera. Anasiya njinga nkuthawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anawatsatira. Iwo anazungulira uku, amayi uku. Anazunguliranso. Sekani, abale, sekani, ine tsiku limenelo sindinathe kuseka. Mpaka amayi anaima akupuma wefuwefu nkuti, "Imani pomwepo, bambo. Ndakalamba ine, sindingathamangitse tambala ndi mkamwini m'mawa umodzi."

Bambo a Elube anagwada, nkhope kumbali, maso pansi. Amayi anakhala pansi patsogolo pawo penipeni, pafumbi. Anati, "Tembenukani mundione. Ine mimba ndinatenga zingapo, koma mwana amene analira ndi mmodzi, uyu waima apoyu. Enawo anali nthayo, obadwa atafa kale. Tinakawaika kudambo, azimayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda kulira, poti mwambo sulola. Panalibe wodziwa kugwira pamimba. Lero mwana wanga akuti akaphunzire, ine ndimutsekereze chifukwa cha manyazi? Manyazi sanaukitsepo mwana. Landirani tambalayu. Kuyambira lero ndinu mwana wanga. Mudzadya za m'manja mwanga, tidzakhala pa mphasa imodzi, ndipo ndikakulakwirani mudzandiuza pamaso. Masulani katundu uyo."

Ine ndinali ndisanamvepo za abale anga a kudambo aja. Ndinakula ndikuyesa kuti Mulungu anangowapatsa amayi mmodzi basi.

Amuna anga analandira tambala ndi manja awiri. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, nkuwayang'ana amayi nthawi yaitali, ngati munthu amene wafika pamalo amene ankangowamvera mbiri. Kenaka anati, "Amayi, kani nkhope yanu ndi imeneyi? Kani Elube mphuno ija anatengera inu." Pamenepo ndi pamene amayi analira. Analirira ana awo aja, kulira kumene anakusunga zaka zonsezo, mkamwini atagwada pomwepo ndi tambala m'manja, osathawa.

Amalume atamva anang'ung'udza kuti zoterezi zimachitika mkamwini atamera imvi. Amayi anawayankha kuti, "Achimwene, imvizo adzamerera pompano."

Ndinapita ku sukulu, abale anga. Chipinda chinalidi cha mazenera ambiri. Ndinali wamkulu pa onse, atsikana ankanditcha mayi, ndipo Chingelezi cha m'mabuku chinkanditulutsa thukuta. Koma tsiku limene mphunzitsi anagwira manja anga nkuwayendetsa pamimba pa mayi wina, akuti apa ndi mutu, apa ndi msana, ndinatseka maso ndipo ndinamuona mwanayo. Ndinatuluka panja kukayamika Mulungu kuseri kwa thanki ya madzi. Mwezi wathawu pa kachipatala kathu panabwera mtsikana, mwana atagona chopingasa. Ndinadziwa masiku asanakwane, tinamutumiza ku chipatala chachikulu nthawi ikadalipo, ndipo onse awiri ali moyo. Namwino mnzanga uja tsopano wayamba kundifunsa kuti kodi mayeso ake ndi ovuta.

Tsiku lobwerako ku sukulu kuja sindinatumize mawu. Ndinatsika basi pa Songani masana, sutikesi pamutu, ndikuyenda wapansi. Nditayandikira pakhomo ndinamva mkangano. Ndinati basi, zavuta. Kusuzumira, ndikuona amayi ndi bambo a Elube ali pa mphasa imodzi akutong'ola chimanga, Elube atakula ali pakati pawo. Amayi akuti, "Mbuzi zako zija zandithera chigwada." Iwo akuti, "Amayi, mpanda wanu ndi umene uli wa masewera, ndinakuuzani ine." Akukangana ngati munthu ndi mwana wake wobereka yekha. Ndinaima kuseri kwa mtengo ndikumvetsera, osafuna kuti zithe.

M'mawa mwake ndinaona kuti chitseko cha kukhitchini chikadali chopendekeka monga ndinachisiyira. Ndinayamba kudandaula kuti mmisiri wa matabwa uyu amakonza za eni, za pakhomo ayi. Amayi anatulutsa mutu pazenera nkuti, "Iwe, wabwera dzulodzuloli. Usandivutitsire mwana wanga."

Ndikuyamika Mulungu, abale. Ndikuyamika Mulungu amene sanagwetse phiri, sanagawe mtsinje, koma anachotsa nsalu kumaso kwa mayi mmodzi wokalamba, kuti ine ndikaphunzire ndipo ndidzapeze nyumba yanga ili chiimire. Zikomo abusa pondipatsa mpata, zikomo nonse pondimvera. Kondwerani nane, imirirani tiimbe. Amayi, yambitsani ndinu nyimbo. Mwana wanu ali uko kumbali ya abambo, akuvomerani.