A Sefu Akwera Sikelo

Mu 1992, pakampani ina yojambula mapulani a milatho ku Chileka panafika kompyuta, pamodzi ndi mabokosi awiri a mapulogalamu ojambulira, lofiira ndi lobiriwira. Bwana popita kutauni anasiya mawu kuti a Sefu, amene anajambula ndi pensulo zaka makumi awiri, asankhe limodzi, a Christmas osunga katundu alembe lipoti, ndipo wogonja abwerere kwawo pa ndege ya masana omwewo.

A Sefu ankadziwa kuti lililonse angasankhe ndi lomwe lidzawadyere ntchito. Anangopinda manja.

"Sindisankha."

"Ndilembe choncho?" anafunsa a Christmas, bolopeni ili kale papepala.

"Musalembe. Inu achimwene, dziko lino munaonapo zinthu ziwiri zitaikidwa patebulo kuti munthu asankhe?" Anasuzumira pazenera n'kutsitsa mawu. "Za ziwiriziwirizi anthu amapita nazo kutali."

"Bwana anati tiyese. Ine katundu aliyense wolowa muno ndimayesa."

A Christmas anakoka sikelo ya misomali n'kuikapo mabokosiwo limodzilimodzi.

"Lofiira makilo awiri. Lobiriwira kilo ndi theka. Lofiira lili patsogolo."

"Aa, mukuyesa ngati nyemba?"

"Nyemba ndimalumako. Izi ndangonunkhiza. Chinyezi mulibe, anankafumbwe mulibe."

"Sayesa choncho zimenezo. Amalowetsa madisiki a m'mabokosimo m'kompyutamo, n'kuona kuti wojambula bwino ndani."

"Lowetsanitu."

"Sindikhudza ine. Lembani kuti onse awiri alephera. Dzanja langa ili likuwaposa kutali."

A Christmas analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenako anajambula mzere wachitatu papepala paja.

"Nanga umenewo ndi wa chiyani?"

"Mwalowa mpikisano. Tsopano mulipo atatu. Tiyeni kuseriku, mukakwere sikelo ya simenti."

"Ine, ndi imvi zangazi?"

"Chabwino, ndingoyerekeza. Makilo sikisite. Mwatsogola, madala."

Mtima wa a Sefu unakhalako pansi. Mwina munthu wopanda nzeruyu ndi amene Mulungu anamutuma kudzawapulumutsa. Anakhala bwino pampando.

"Eya, tsopano mukulankhula. Funsani zina. Magetsi akazima, amagwira ntchito ndani?"

"Inu," a Christmas analemba. "Ngakhale Lachiwiri lija atazima ndinakupezani mutatsamira mapulani, maso ali chitsinzinire."

"Ndimaganiza."

"Ndilemba kuti amaganiza ndi mkonono. Funso lina. Mabokosiwa amapita kumaliro?"

"Bokosi lingapite bwanji kumaliro?"

"Ndiye kuti ayi. Inu mwezi uno kanayi. Azakhali anu a ku Lirangwe amwalira kawiri."

"Anali azakhali awiri osiyana."

"Onse a Zaituni?"

"Kwathu timapatsana mayina. Zimenezo musalembe."

"Ndalemba kale. Kufufuta sindifufuta, bwana amati wofufuta amabisa. Lomaliza tsono. Katunduyu anthu anayamba adandaulapo naye? Mabokosi ayi, ngatsopano. Inu, kamlatho kaja ka kwanu."

A Sefu anadzuka. "Mtsinje ndi umene unasuntha."

"Mlamu wanga amadutsa pamenepo. Akuti pansi pa mlatho wanu pamausa mbuzi, anthu akuwolokera pambali atapinda mathalauza. Akuti mthunzi wake ngwabwino ndithu, aliyense akuyamikira."

"Chinawakomeracho lembani, eti."

"Ndalemba. Mthunzi wabwino."

A Christmas anawerenga zala, milomo ikugwedera ngati mwana wa sitandade wani, n'kubwereza kachiwiri kuti asalakwire munthu.

"Lofiira loyamba. Lobiriwira lachiwiri. Inu achitatu."

"Achitatu bwanji? Paja makilo ndinawina ine."

"Makilo okha. Bwana anati wogonja abwerere kwawo masana ano. Koma ku Lirangwe ndege sitera, ndiye mungokwera basi. Pensulo musiye, ndi ya kampani."

A Sefu anaona nsewu wa ku Lirangwe m'maso mwawo, anaona akazi awo ataima pakhomo, manja m'chiuno, ana asanu kumbuyo. Analumphira bokosi lofiira n'kulifungatira ngati khanda.

"Basi achimwene, ndasankha. Lofiirali. Lembani kuti a Sefu asankha lofiira, ndipo ayamba kuliphunzira lero lomwe, ngakhale nkhomaliro sadya."

A Christmas anapinda lipotilo bwinobwino, n'kuliika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Pepani madala. Wopikisana nawo saloledwa kusankha."