Lezala Langa Latsala Louma

Aulutsi, ndine mayi wa ku Chowa, muno m'Kabwe. Amuna anga akumanga nawo hotela yatsopano m'mbali mwa damu la Mulungushi, pafupi ndi bwalo la akatungwe, ndipo amagona komweko. Akabwera, nkhani ndi ya denga lokha, loti latsala pang'ono.

Loweruka ndinachoka pamzere wa unga msanga, ndinatenthetsa madzi, n'kutulutsa lezala monga anandiphunzitsira alangizi ku Petauke: mwamuna amametedwa ndi mkazi wake yekha. Amuna anga atafika n'kukweza mkono, m'khwapa munali mosalala kale.

"Atate a ana, wakumetani ndani?"

"Ndadzimeta ndekha. Kumatentha kuja."

Munthu amene ngakhale zikhadabo ndimamuwenga ndine! Azimayi anzanga, hotelayo sinathe, koma wina wayamba kale kusamalira mlendo kumeneko.