Nsalu Zoyanikidwa Lachitatu

— Halo? Halo? Achemwali a Lavinia, ndinu?

— Ukanati ndani, Orrin? Nyumba ino tilimo awiri, ndipo amayi foni saikhudza, amati imaluma.

— Mwaswera bwanji, achemwali?

— Ndaswera, kaya iwe?

— Taswera ndithu. Amayi ali bwanji?

— Adya phala, anditukwana pang'ono, agona. Nanga alamu anga a Dorcas?

— Ali bwino, kungoti khosi likuwavuta.

— Khosi lingaleke bwanji kuvuta munthu wokhalira kuyang'ana kumwamba? Ana?

— Ana ali gwa. Wamng'ono uja wagula dzino.

— Kusitolo kukuyenda?

— Eee... kukuyenda mwa apo ndi apo.

— Nanga mawu ako akumvekeranji ngati uli m'chitsime?

— Ndili ku Gloucester, m'sitolo ya mankhwala, pa foni yoponya makobidi. Ndiye tisachedwe, makobidi ndili nawo ochepa.

— Wakwera basi mtunda wonsewo kuti uimbire nyumba yoti ukaima pakhonde pako umaiona denga?

— Sindimafuna kuti anthu amve.

— Mlongo wanga, Mulungu anakupatsa mtima wabwino, nzeru anasungira ena. Waya wa foni ndi umodzi tauni yathu yonse. Kaya uimbire kumwezi, belu likalira muno lalira m'nyumba zonse za Harrow Cove. Tamvera. Kupuma kwa mluzuko ndi mphumu ya mayi Pruitt. Mwaswera bwanji, mayi Pruitt? Wotchi ikugundayo ndi ya kunyumba kwa abusa.

— Musatero, achemwali.

— Aliyense akanyamula foni yake, mawu ako amachepa. Fuula, usamane anthu.

— Ndimati tikambe za msonkhano wa mawa madzulo. Komiti yoteteza tauni kwa achikomyunizimu ija yatsimikiza. Akakupezani wolakwa, ntchito ya kulaibulale yatha.

— Ndikudziwa. A Tarbox anabwera okha kudzandiuza, atavala tayi. Munthu wometa anthu tsitsi lero ndi woweruza. Koma mlandu weniweni sananene, anangoti ndikaumvera komweko.

— Ndi nkhani ya zochapa.

— Zachani?

— Zochapa. Mumayanika nsalu tsiku lililonse. Lachitatu, Lachisanu, ngakhale Lamulungu. Inu mukudziwa kuti kuno mkazi amachapa Lolemba basi, chiyambire makolo athu. Ndiye a gulu loyang'ana ndege za adani aja...

— Gulu la Dorcas.

— Gulu la tauni, achemwali. Amakhala pamwamba pa nsanja ya tchalitchi mosinthana, ndi magalasi oonera patali aja.

— Akhala pamenepo chiyambire nkhondo ya ku Korea, ndege ya ku Rasha saionapo ndi imodzi yomwe. Khosi litatopa anatsitsa magalasi n'kuyamba kuyang'ana kuseri kwa nyumba za anzawo. Nena, apeza chiyani?

— Akuti nsalu zanuzo ndi zizindikiro zopita kwa adani a ku Rasha. Nsalu za pabedi ziwiri ndi pitikoti pakati, ndiye kuti doko lilibe mlonda. Zikakhala zitatu, ndiye kuti bwerani. Tsiku lina munayanika masokosi okhaokha, ndege n'kudutsadi.

— Ndege ya makalata ya ku Portland imadutsa tsiku lililonse, Orrin.

— Ndinanena zimenezo. A Tarbox anati n'chifukwa chake nanunso mumayanika tsiku lililonse.

— Ndiye akuluakulu a ku Moscow akhala pansi ndi mapu a dziko lonse, akudikira pitikoti yanga.

— Musaseke. Palinso za atsikana a kusukulu. Lolemba ankayeserera zobisala pansi pa madesiki ngati bomba lagwa. Mwana wa a Haskell anakomoka, kenako mnzake, kenako mzere wonse, phii! Atatsitsimuka anati anamva fungo la mabuku a kulaibulale. Atafufuza anapeza kuti onsewo anabwerekapo buku kwa inu.

— Mwana aliyense m'tauni muno anabwerekapo buku kwa ine. Laibulale ntchito yake ndi imeneyo. Adokotala anati chiyani?

— Anati anawo anali asanadye ndipo m'kalasimo munali motentha. Pano adokotala nawonso akufufuzidwa. Komanso nkhanu zachepa m'nyanja chaka chino, ndipo nkhuku za mayi Pruitt zasiya kuikira chibwerereni inu.

— Nkhuku zimenezo ndinazisiya zili nkhalamba kale popita kunja.

— Kunjako ndi kumene kwavutanso. Akufunsa kuti zaka zonsezo mumatani.

— Ndimaphunzitsa Chingelezi ku Lisbon. Auze atsegule buku la mapu, lili pashelefu ya pafupi ndi chitseko, palibe analigwirapo. Kuchoka ku Lisbon kupita ku Rasha ndi ulendo wotopetsa ngakhale mbalame.

— Iwo akuti kunja ndi kunja.

— Ukudziwa, Orrin, zaka zonse zija ndinkagona ndikulota tauni ino. Fungo la phula padoko, nyemba zophika usiku wonse za Loweruka, belu la tchalitchi m'nkhungu. Ndinkauza Apwitikizi kuti kwathu munthu satseka chitseko. Ndabwera ndapeza n'zoonadi, sititseka, kuti a komiti alowe bwino.

— Halo? Mawu anu akuzilala.

— Alowa ena. Ndamva mwana akulira, ndi kwa a Haskell kumeneko. Takulandirani.

— Dikirani, mtsikana wolumikiza mafoni akufuna makobidi ena... Eya, ndaponya. Achemwali, wakutsina khutu ndi mnansi. Njira yopulumukira ilipo. A Tarbox andilonjeza kuti mukavomera kuti munasocheretsedwa, n'kutchula munthu amene anakusocheretsani, akukhululukirani. Ntchito ikhala.

— Ndikakana kuti sindine wachikomyunizimu?

— Akuti wachikomyunizimu weniweni ndi amene amakana.

— Chabwino, ndikatchula agogo athu aamuna. Ali kumanda, sawawa kanthu.

— Akufa sakuwalandiranso. Anthu anawatchula kwambiri, manda onse atha. Akufuna wamoyo.

— Ndipo iwe wabwera ndi dzina m'thumba.

— Ine ayi... anthu akungoganiza za mkulu uja wa ku Finland, a Toivo. Dziko lawo lagundana ndi Rasha. Komanso kanyumba kawo kanthunzi kaja. Loweruka lililonse anthu amalowamo ali maliseche, utsi uli tolo, n'kumadzikwapula ndi tinthambi. Mkhristu angachite zimenezo?

— A Toivo aphwanya miyala kumgodi wa tauni ino mpaka msana kupindika. Masitepe a tchalitchi amene Dorcas amakwera popita kukazonda anthu anasema ndi iwo. Ndipo nyamakazi ya bambo inkapola m'kanyumba komweko, iwe ndi amene unkawaperekeza.

— Aaa, achemwali, pa waya pano musanene zimenezo.

— Ndikawatchula awatani?

— Mwina angowabweza kwawo. Mapepala awo sanalongosoke.

— Munthu wa mano atatu, kwawo anachokako ali mnyamata. Akafikira kwa yani?

— Nanga ine ndani akundiganizira? Chingwe choyanikiracho munagula m'sitolo mwanga. Zopanira zomwe. A Tarbox anabwera kudzafunsa kuti ndinakugulitsani chachitali bwanji. Asodzi pano akukagula zingwe ndi mbedza kuno ku Gloucester, ndawaona ndi maso anga lero, andizemba. Mukumbukire za kholo lathu lakalekale, agogo Mehitable, aja ankanena bambo. Nthawi yosaka mfiti ija, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, anawatsekera m'ndende ku Salem. Akanakana akanawapachika. Anavomera kuti ankauluka pamtengo, anatchula mnansi wawo, anatuluka, n'kubereka ana. Ifeyo tilipo chifukwa cha bodza limenelo.

— Nkhaniyo bambo ankaidulira pomwepo. Ine ndinawerenga mpaka kumapeto, mapepala ake ali kulaibulale. Mnansiyo anali mayi Pennock, anafera m'ndende. Unakumanapo ndi munthu wa kwa Pennock m'tauni muno?

— Ayi.

— Ndi zimenezotu. Nthawi imeneyo ng'ombe ikaleka mkaka ankati mfiti. Lero nkhuku ikaleka mazira akuti Rasha. Tasintha zipewa zokha.

— Ndiye ingofotokozani chifukwa chake mumachapa tsiku lililonse. Ndakufunsani kangati, simuyankha.

— Pa bwalo lodzaza chonchi? Dikira ndisese kaye. Anthu a Mulungu amene muli pa waya uno, tamverani. Ndasintha maganizo, mawa ndikaulula. Ndikauza komiti kuti misonkhano yathu yachinsinsi timachitira pa foni ino, ndipo mamembala ndi onse amene amanyamula foni belu likalirira ine. Lero mwafika ambiri, zikomo. Ndiyamba kuitana mayina. Mayi Pruitt...

— Achemwali!

— Wamva kuti tcheke? Mphumu yapita. Amayi busa... wotchi yapita. A Haskell... Tamvera, akugwa ngati maapozi. Tcheke, tcheke, tcheke.

— Ii, mawu anu amveka ngati muli pambali pangapa.

— Koyamba chibwerere changa. Tsopano mvera, ndinena kamodzi. Amayi sathanso kudzigwira usiku. Mmawa uliwonse bedi limakhala lonyowa, nthawi zina kawiri. Amadzuka n'kumalira, kubisa nsalu pansi pa matiresi ngati mwana. Nsalu zoyala tili nazo zochepa, sizingadikire Lolemba.

— Amayi?

— Amayi ako omwewo.

— Chiyambire liti?

— Chiyambire dzinja. Ukanalowa kuchipinda kwawo ukanadziwa, koma iwe umaima pakhonde, chipewa m'manja, n'kufunsa ngati akudya.

— Koma... ndiye nkhani yatha! Mukanene zimenezo mawa, aliyense amvetsa.

— Ndikaime mu holo ya tauni, pamaso pa a Tarbox, ndinene kuti mayi amene anaphunzitsa theka la anthuwo Sande sukulu, amene sanatulukepo pakhomo opanda magolovesi, amakodza pogona? Anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ngakhale iwe usadziwe. Bola anditche kazitape. Ntchito ikatha ndiziphunzitsa ana piyano, ngati alipo wondipatsa mwana wake. Koma amayi sindiwavula, a Toivo sindiwagulitsa.

— Mukachotsedwa mudya chiyani awirinu?

— Nyemba. Si ndinkazilota?

— Ine ndimayesa... Dorcas ananena motsimikiza, anajambula ndi zithunzi za kayanikidwe kake. Ndinayamba kukhulupirira pang'ono, za pitikoti zija.

— Ndikudziwa.

— Dikirani. Imeneyo ndi chiyani? Muli ndi mbalame m'nyumbamo?

— Mbalame ndiitenga kuti?

— Ikuimba. Tamverani, ikumaliza ndi kamluzu kawiri... Ambuye. Ndi mbalame ya m'khola ya kwathu imeneyo. Ili pafupi ndi foni, pabalaza.

— Ndiye mmodzi sanatsike. Mwaswera bwanji, alamu? Khosi lili bwanji?

— Dorcas? Dorcas, ndikudziwa uli pomwepo, yankha. ...Sakuyankha.

— Sangayankhe. Akayankha ndiye kuti ndi membala.

— Dorcas, mvera. Za amayi wamvazi zikangotuluka, ndikauza a Tarbox kuti pamsonkhano wa lero iwe ndi amene unatsala mpaka kumapeto. Ndanena. Sindibweza mawu. Ndipo mawa mmawa ndi nthawi yako ya pansanja, eti? Upukute bwino magalasiwo. Nsalu za mawa ndikayanika ndine, ndi manja angawa, tauni yonse ikuona.

— Orrin, iwe sunagwirepo chopanira nsalu chibadwire.

— Ndimagulitsa, ndikudziwa kumene chimatsegukira. Achemwali, bedi langa lija la kuchipinda chakuseri likadalipo?

— Lilipo, koma ladzaza mabuku.

— Muchotseko pang'ono, ndikuona ngati lero kwathu sindilandiridwa. Basi yomaliza ikandisiya pa... Iii, mtsikana uja akufunanso makobidi, ndatsala ndi a basi okha.

— Pita ukakwere. Ubwere ndi sopo.

— Chabwino, apatseni moni amayi, musawauze kuti ndadziwa. Koma achemwali, chinthu chimodzi, mwamsanga. Mawa mukandionetse dongosolo lake, iti imayamba, iti imatsatira. Pitikoti ija tingoisiya m'nyumba. Sindikuti ndikukhulupirira ayi, koma munthu wosadziwa angaitane ndege mwango...

— Halo? Orrin? Halo?