Maapozi Odutsana pa Mlatho

Mzere wa malole pa mlatho wa m'malire, pakati pa Windsor ku Canada ndi Detroit ku Amerika, sunkasuntha. M'kanyumba kogulitsira khofi, madalaivala awiri osadziwana, mayi wa ku Canada ndi mdala wa ku Amerika, anakhala pa tebulo limodzi.

"Mwanyamula chiyani, madala?" anafunsa mayiyo.

"Maapozi akwathu ku Michigan, akupita ku Toronto kwanuko. Nanga inu mayi?"

"Musaseke. Maapozi akwathu ku Ontario, akupita ku Detroit."

"Otani?"

"Ofiira aja."

"Aaa, angawanso ndi ofiira!"

"Ndiye mwana wanga asewere hoke, mpira wa ndodo uja, madzulo ano popanda mayi ake womuchemerera, chifukwa choti maapozi akufuna kukaona maiko?"

"Kwathu amati akunja ndiye okoma."

"Kwathunso amatero, osusukawo! Tamverani madala, tingotembenuza malolewa. Inu mukatsitse anuwo ku Detroit, ine angawa ku Toronto. Azindikira ndani?"

"Ee, tsitsani mawu mayi! Mabwana akangoimva nzeru imeneyo, simudzaphonyanso masewero a mwana wanuyo. Nanenso ndizidzakhala pambali panu, kuombera m'manja, tonse tili malova."