Mlatho Wotsiriza wa a Whiteson Mvula

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 ku Pembamoyo, m'banja la a Filimoni Mvula ndi a Magret Sakala. Dzina lawo ndi a Whiteson, koma ambiri a inu munkawatchula kuti a Gemu, iwo n'kumavomera akumwetulira. Tapukutani misozi pang'ono, chifukwa mbiri ya bambo awa siwerengeka ndi nkhope yokwinya.

Anayamba sukulu mu 1986. Mu Disembala 1992, atalemba mayeso a giredi seveni, anapita kukacheza kwa amalume awo ku Chipata, ndipo kumeneko anaona koyamba gemu ya pa TV. Kanali kabokosi kolowetsamo katiriji yachikasu, kachipangizo kosunga gemuyo, pa galasi n'kutuluka kamunthu kopalasa njinga, koyenera kuwoloka milatho isanu ndi iwiri. Masabata atatu ankachita kuwakoka kuti akadye. Tsiku lobwerera kumudzi anafika pa mlatho wotsiriza, magetsi n'kuzima, basi nayo sinadikire. Atapitanso chaka chotsatira anapeza amalume atagulitsa zonse.

Katiriji ija inali yomatuka pepala, choncho dzina la gemuyo sankalidziwa. Kuyambira mu 1998, pamene anatsegula malo okonzera mawailesi pa boma la Chadiza, katiriji iliyonse yachikasu yopanda pepala imene anaiona sankaisiya. Anzawo akagulitsa mtedza ankabwera ndi malata, iwo ankabwera ndi makatiriji a ku Katete, ku Chipata, mpaka ku Lilongwe. Ikakhala kuti si yomweyo, ankaisungabe, n'kuyamba kuikonda. Umu ndi momwe munthu wofuna gemu imodzi anathera ndi makatiriji mazana awiri ndi makina akale asanu ndi anayi.

Pa 21 Juni 2003 anamanga ukwati woyera ndi a Felicia Mwanza a ku Zemba, amene mumawamva mu kwaya ngakhale muli kuseri kwa tchalitchi. Mayiwa ankanena poyera kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi magemu. Analumbira kuti sadzakhudza zinthuzo, ndipo zaka makumi awiri sanakhudzedi.

Malemu anali ndi kachitidwe kawo. Katiriji ankaiuzira katatu asanailowetse. Ikakana kuyaka sankaitaya, ankaikulunga n'kuiika mu mtsuko wa phulusa monga timasungira mbewu ya nyemba, kuti nyerere ndi chinyezi zisaionongeretu.

Mu Meyi 2024 anayamba kudwala chifuwa. Anagonekedwa m'chipatala ku Chipata, ndipo mu Seputembala anabwerera kunyumba mpweya utachepa, moti ngakhale kuuzira katiriji kunawakanika. Ankatiuza kuti imfa sakuiopa, koma kupita osaona chimene chili kutsidya kwa mlatho uja ndi kumene kunkawawawa. Ife tinamva chisoni, chifukwa tinkaona kuti masiku atha.

Lachiwiri pa 15 Okotobala, dzuwa lili pamutu, a Felicia anathyola lumbiro lawo. Anatulutsa mtsuko uja, anasasa phulusa ndi chitenje, n'kuyamba kuuzira makatiriji akufawo imodziimodzi ndi chifuwa chawo cha kwaya. Khumi anakana. Ya khumi ndi chimodzi inayaka, kamunthu ka panjinga n'kutulukira! Inali katiriji imene malemu anagula ku Katete mu 2005. Chinthu chimene anachifuna mpaka kudutsa malire chinagona m'nyumba mwawo momwe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kudikira mpweya wa mayi amene ankachida. Nthungululu imene inalira tsiku limenelo inachititsa anthu a kuchitsime kusiya ndowa.

Zala za malemu zinali kunjenjemera, ndiye anagawana ntchito. Iwo ankawongolera njinga, a Felicia ankadina batani lodumphira. Anagwera m'madzi kosawerengeka, akulozana zala, akuseka. Loweruka masana anawoloka. Mukudziwa chimene anapeza kutsidyako? Gemu inangoyambiranso pa mlatho woyamba. Malemu anaseka mpaka kutsokomola, napempha akazi awo kuti ayambirenso.

Anatisiya m'mawa wa pa 22 Okotobala 2024, ali ndi zaka 45. Asiya mayi a kunyumba a Felicia, ana atatu, a Vivian, a Terrance ndi a Angel, komanso mdzukulu mmodzi. Analamula kuti magemu asagawidwe, choncho achibale amene mwayamba kale kuponyako maso, pepani. Loweruka lililonse masana khomo lidzakhala lotsegula kwa aliyense wofuna kusewera, ndipo wouzira makatiriji ndi a Felicia, amene adzipereka okha.

Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala, akhristu a mphakati, kwaya, adzukulu okonza nyumba yomaliza, amayi a kumoto, ndi inu nonse amene mwapalasa njinga kuchokera ku Zemba ndi ku Mlolo. A Whiteson, chimene munachifuna zaka makumi atatu munachiona ndi maso anu, akazi anu ali pambali panu. Mzimu wanu uuse mumtendere.