Gemu yachitatu inandilanda mnzanga

Aulutsi, ndine mphunzitsi kuno ku Mchinji, koma dzina langa likhale lobisika.

Ndinali ndi mnzanga wogulitsa zitenje zooda ku Zambia. Loweruka lililonse tinkasewera magemu a pa TV kwa ometa tsitsi ena pa boma. Panali gemu ya nkhondo imene inatuluka katatu. Ine ndinkati yachitatu ndiye mapeto chifukwa ili ndi nkhani. Iye ankakakamira yachiwiri, ati umangolowa n'kuyamba kumenya.

Tsiku lina anthu atadzaza, ndinaikitsa yachitatu n'kumupatsa rimoti. "Achimwene, musamanyoze chinthu musanachilawe. Werengani zalembedwazo, musankhe njira."

Anayang'ana TV nthawi yaitali, kenako anayankha motsitsa mawu. "Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera sitandade thu."

Palibe anaseka, koma iye anaika rimoti pansi n'kutuluka. Papita miyezi inayi osabweranso. Tikakumana pamsika amandipatsa moni ngati mlendo, ndipo zimandipweteka. Zaka ziwiri tikukangana, ine mphunzitsi wathunthu osazindikira kuti mnzanga satha kuwerenga.

Achimwene, ngati mukumvera, ndinalakwa. Bwerani Loweruka. Ometa aja ndawauza kale kuti aikemo yachiwiri.