Chapa Yotentha pa Kamphepo

A Clemente, mkulu wa bungwe lathu la machapa, maminibasi athuwa. Abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero. Mayi Guilhermina, mayi wa kunyumba kwa a Policarpo, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Amotorista a pa chiwongolero, amakaniko, macobrador anzanga, ndi inu amayi a pa paragem pokwerera anthu, amene mwavindikira malonda anu n'kubwera kuno, ndakupatsani moni nonse.

Amene simundidziwa, ndine Virgílio, cobrador, woitanira anthu ndi kutolera ndalama, wa a Policarpo amene tikutsanzikana nawo lero. Iwo agwira chiwongolero zaka vinte e seis, makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mwa zaka zimenezo, dezanove, khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndakhala ndili pa chitseko cha chapa yawo. Sindine wolankhula. Mawu anga a tsiku lonse ndi "Furancungo, Furancungo!" Pobwerera ndimasintha, ndimati "Tsangano, Tsangano!" Ndiye a Clemente atanena kuti ndilankhule ndine, ndinadziwa kuti akufuna mwambo uthe msanga.

A Policarpo, musandiyang'ane choncho. Lero chiwongolero chili kwa ine.

Tonse tikudziwa kuti bambo awa sathamanga. Tsiku lina tikutsika phiri, mayi wina wosenza nkhuni anatipeza, n'kutisuzumira pa windo, amvekere, "Pepani, yafa kodi?" Sinafe, inkayenda. Anthu akadandaula, yankho lawo linali limodzi: "Amene akufulumira atsike athamange, tikam'tola kutsogolo." Tinkaseka. Koma pa nkhungu ya ku Tsangano ija, yoti suona ng'ombe mpaka itakununkhiza, panalibe woseka. Aliyense ankafuna chapa ya a Policarpo.

Nanga za alendo a zikwama zazikulu kumsana aja? Masiku ano tawazolowera. Amabwera mmodzimmodzi, awiriawiri, ena ndi zingwe, ena ndi njinga, kudzakwera mapiri athu. Woyamba amene tinam'nyamula anali mtsikana wachizungu, ali yekha. Chikwama chake chinali chachitali kuposa mutu wake, kapoto ndi nsapato zikulendewera kumbali. A Policarpo anandikodola n'kundinong'oneza, "Virgílio, mwanayu am'thamangitsa ku ukwati. Taona, watenga ndi mapoto omwe." Anam'khazika kutsogolo, n'kum'gulira chimanga chootcha. Ulendo wonse akumulangiza m'Chichewa: "Bwererani, mayi, amuna ndi choncho. Mukakhale pansi ndi ankhoswe." Iye akungovomera ndi kuthokoza m'Chipwitikizi, "sim, sim, obrigada." Titafika ku Furancungo, mphunzitsi wina anatimasulira kuti mtsikanayo sanakwatiwepo, wabwera kudzakwera phiri. A Policarpo anafunsa, "Kuphiriko kuli abale ake?" Ayi. "Wataya mbuzi?" Ayi, akungofuna akaone. A Policarpo anapukusa mutu mpaka ku Ulongwe.

Chaka china, nthawi ya mvula, tinatitimira m'matope pafupi ndi Chidzolomondo. Tinali ndi anyamata awiri okwera miyala. A Policarpo anakwera padenga, n'kutsitsa chingwe chawo chofiira, osapempha, n'kuchimanga ku ng'ombe zinayi za munthu wina. Mwini chingwe anagwira mutu ngati wamva uthenga wa maliro. Chapa inatuluka. Pom'bwezera chingwecho chili matope okhaokha, anamuuza kuti, "Chingwe cholimba chonchi, inu mumangolendewera nacho pa mwala?"

Sekani ndithu. Inenso ndaseka, ndipo papita nthawi.

Tsopano mundilole ndinene nkhani imene ine ndi a Policarpo sitinakambiranepo. A makaniko, inu makamaka tcherani khutu, chifukwa ikukukhudzani.

Nonse mukudziwa kuti chapa yathu imatentha pa Kamphepo, pokhota paja pakati pa Ntengo-Wambalame ndi Tsangano, pamene chigwa chonse chimaonekera pansi. Imakwera mapiri onse bwinobwino, koma ikafika pamenepo pobwerera, a Policarpo amaimika, amati injini yatentha. Zaka zinayi tsopano. A makaniko anasintha radiador kawiri. Anatsuka, anapopera, anatukwana. A makaniko, pepani. Chapa ija sinatenthepo.

M'munsi mwa Kamphepo muli mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, malemu Felizarda. Ndinali mkamwini kumeneko. Nyumba yathu inali ya malata, pafupi ndi munda wa mbatatesi, ndipo imaoneka ukaima pamsewu. Masiku amenewo tikafika pokhota paja madzulo, a Policarpo ankaliza buzina, hutala ija, kawiri. Felizarda ankatuluka, n'kukweza chitenje m'mwamba, kenako n'kukateleka madzi osamba. Ine ndikatsitsa anthu ku Tsangano, ndinkabwerera pa njinga n'kupeza madzi atafunda. Anzanga ankandinena kuti ndine cobrador yekhayo amene mkazi wake amaitanidwa ndi galimoto.

Anamwalira mu Junho. Anadwala masabata atatu okha.

Tsiku loyamba kubwerera ku ntchito, ndinali pa chitseko monga mwa masiku onse. Tikuyandikira pa Kamphepo ndinaona dzanja la a Policarpo likupita pa buzina mwachizolowezi. Linaima m'malere, n'kubwerera. Ndinaganiza kuti tingodutsa. Koma anakhotera pambali, n'kuzimitsa injini, amvekere, "Yatentha. Cinco minutos, mphindi zisanu basi." Mu Junho, anthu inu, kuzizira koti mano amagundana. Anatsika, anayang'ana pa injini, n'kuima pamenepo atanditembenukira msana.

Ine ndinaima m'mphepete mwa msewu. Ndinaona denga lathu. Kuseri kwake ndinaona mitengo ya kumanda. Kwathu kuno munthu sulowa kumanda wamba ngati ukupita ku dimba, umadikira maliro ena kapena chilolezo cha eni mudzi. Koma kuyang'ana uli pamsewu palibe amene amaletsa.

Patatha chaka, abale ake anandisudzula mwaulemu, monga mwa mwambo. Sanandilakwire chilichonse. Mudzi ndi wawo, munda ndi wawo. Mwana wathu Tânia anali atakwatiwa kale ku Tete. Ndinanyamula njinga, wailesi ndi zovala, n'kupeza kachipinda kuno ku Tsangano, kuseri kwa msika. M'menemo ndimaphika ndekha, kapu imodzi, mbale imodzi. Lamulungu limatalika kwambiri. M'nyumba muja tsopano mukukhala mlamu wanga ndi banja lake, ndipo anapaka chitseko utoto wobiriwira. Zimenezi ndinaziona ndili pa Kamphepo. Kwathu konse kumene kunanditsalira ndi cinco minutos zimenezo.

Anthu ankadandaula. Wina ali ndi matumba a nyemba, wina akuthamangira mwana. "Kodi galimoto imeneyi ili ndi malungo?" A Policarpo maso ali pa injini. Tikakhala ndi alendo a zikwama aja, zinkawaphwekera. Ankangotembenuka n'kunena kuti "Foto, foto!" Alendowo ankatsika mosangalala, kujambula chigwa, kujambula mitambo, kujambulana okhaokha. Zikuoneka kuti anauzana, chifukwa ena amafika atatsegula kale chithunzi pa foni, akuloza, kufunsa ngati tiime pamenepo. Pa zithunzi zimenezo, pakona ya m'munsi, pali denga la Felizarda. Lafika kumayiko kumene ine sindidzapondako.

Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire woyenda yekha, anaima pafupi nane tsiku lina. Anandifunsa m'Chipwitikizi chothyokathyoka ngati sinditopa kuona malo omwewo tsiku ndi tsiku. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu, n'kubweza kamera m'thumba osajambula. Sindikudziwa chimene iye anasiya kwawo. Tinangoima.

Zaka zinayi, a Policarpo sanandifunsepo kuti mtima uli bwanji. Sanandiuzepo kuti ndilimbe, kapena kuti ndikwatirenso, monga ambiri anachitira. Ankangoyang'ana injini yozizira mpaka atamva kuti ndakwera. Inenso sindinanenepo zikomo. Ndinkaopa kuti ndikanena, achita manyazi, ndipo chapa ichira.

Ndiye mwezi wathawu, atandiuza kuti maso ayamba kuvuta pa nkhungu ndipo akupuma, ndinati zili bwino, mwagwira ntchito. Koma kunena zoona, ndinaganiza za ine ndekha. Ndinaganiza za Lolemba likubwerali. Motorista watsopano, a João Paulo, ndi munthu wabwino, koma ndi wachangu. Ndikanayamba bwanji kuwapempha kuti aziimitsa anthu khumi ndi asanu ndi katundu wawo kuti ine ndiyang'ane denga? Ndinakonzeka kuti tikamadutsa pamenepo ndizingoyang'ana pansi.

Dzulo tikutsuka chapa, a João Paulo anandiitanira pambali. Akuti, "A Virgílio, madala aja andipatsa makiyi, koma andisiyira lamulo limodzi. Akuti galimotoyi imatentha pa Kamphepo pobwerera, ndiziimika cinco minutos, kaya kugwe mvula. A makaniko akuti ndi bodza. Inu mwayenda nayo nthawi yaitali, mukuti bwanji?"

Ndinati, "Imatentha."

A João Paulo, lero mwamva zoona zake. Mukaima, ndidzathokoza. Tsiku lina mukadzalephera chifukwa mwanyamula wodwala, sindidzakwiya. A Clemente, mtengo wa maradiador awiri aja musawafunse a Policarpo, mlandu ndi wanga.

A Policarpo, mwanyamula amayi opita kukachira, mwanyamula ana a sukulu, mbatatesi, fodya, mbuzi, maliro, ndi alendo amene simunkamva chinenero chawo. Zaka vinte e seis, simunagwetsepo munthu m'phompho, ngakhale nkhuku simunaipondepo. Pa zimenezo bungwe lakuthokozani, ndipo lakupatsani bulangete. Ine ndilibe bulangete. Ndili ndi mawu amene ndawasunga zaka zinayi. Zikomo, achimwene. Zikomo chifukwa cha msana wanu umene munkanditembenuzira.

Mayi Guilhermina, tikukubwezerani amuna anu. Ngakhale popita ku dimba adzayenda pang'onopang'ono, muwapirire. Akakhala chete pakhonde, musaganize kuti akwiya, ndiye kucheza kwawo kumeneko. Ine ndikudziwa. Ndicho chimene ndidzachisowe kwambiri, munthu wokhala naye chete.

Nyumba yanu ku Chidzolomondo ili pafupi ndi msewu. Buzina ija sinalire kawiri kuyambira pamene Felizarda anatisiya. A João Paulo, ndikupemphani pamaso pa anthu onsewa kuti Lolemba tikamadutsa pakhomo pa a Policarpo, muilize kawiri. Mayi, madzi musateleke ayi. Mungowakankha bambowa atuluke panja, akweze dzanja, ndione kuti pali wina amene wamva.

Kapumeni bwino, a Policarpo. Mukadzuke dzuwa litatuluka, nkhungu muziionera pa windo.

Tsopano tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja mwamphamvu, koma osafulumira, mukudziwa kuti mwiniwake sakonda liwiro.